Iwo Anasunga Filimu ya Munthu Wodzitentha ndi Tiyi. Nanga Ife Tasunga Ciani?

Mu 2021 kampani ina ya ku Britain yochedwa Second Run inatulutsa pa DVD ndi pa Blu-ray filimu yakale ya ku Czechoslovakia, ya mu 1977. Dzina lake m'cinenero ca eni ake ndi Zítra vstanu a opařím se čajem, kutanthauza kuti mawa ndidzauka n'kudzitentha ndi tiyi. Ndi filimu yoseketsa ya nkhani zopeka za sayansi, ndipo nkhani yake ndi yamisala ngati dzina lakelo.

Muli dziko la m'tsogolo mmene anthu amagula tikiti n'kukwera roketi kukaona zaka zamakedzana, monga mmene ife timakwerera basi ya ku Lusaka. Nkhalamba zina za cipani ca Nazi zapangana kunyamula bomba loopsa kukapatsa Hitler mu 1944 kuti apambane nkhondo. Woyendetsa roketi amene zamugula, dzina lake Karel, atsamwa ndi banzi m'mawa wa tsiku la ulendo n'kufa. M'bale wake wobadwa naye mapasa, Jan, munthu wofatsa amene sadziwa ciliconse za ciwembuco, avala yunifomu ya malemuyo n'kukayendetsa roketi. M'malo mwa 1944 akatera mu 1941, Hitler akali kupambana, ndipo sakuona cifukwa cothandizidwira ndi alendo osadziwika. Kucokera pamenepo zonse zisokonekera. Anthu abwerera ku tsiku limodzimodzi kuti akonze zimene analakwitsa, mpaka ayamba kukumana ndi iwo eni pa njira. Anaitsogolera ndi Jindřich Polák, ndipo mapasa onse awiri anawasewera munthu mmodzi, Petr Kostka.

Filimuyi ndilibe nayo mlandu. Cimene cikundiwawa n'cakuti patapita zaka 44 yatuluka yoyera, mitundu yake yowala, mawu omveka bwino, ndi Cizungu colembedwa pansi kuti aliyense atsatire. Tsopano anzanga, ndiuzeni: sewero loseketsa la Cinyanja la mu 1977 mungalipeze kuti lero? Tiiwale 1977. La mu 2007, la gulu la masewero la pa Katete Stores kapena la pa msika wa Sinda, limene linajambulidwa ndi kamera ya pa ukwati n'kuzungulira pa ma DVD, lili kuti? Ife timaseka lero, mawa tataya, ndipo tikufuna kuti anthu azitiyesa mtundu wokonda cikhalidwe.

Filimu ya tiyi ija sinapulumuke mwa mwai. Ku Prague kuli nkhokwe ya mafilimu ya dziko, Národní filmový archiv, imene inayamba mu 1943. Onani cakaco. Dziko linali m'manja mwa asilikali a Germany, nkhondo ili pakati, koma panapezeka anthu oganiza zosunga mafilimu. Mu 1945 boma linatenga nchito yonse ya mafilimu kukhala yake, ndipo zimene zinali kupangidwa ku situdiyo ya Barrandov zinali ndi kokasungidwa. Filimu ya pulasitiki ndi cinthu cimene cimafa. Ikakhala pa malo otentha ndi a cinyontho imayamba kununkha ngati viniga, imakhwinyata, mitundu imacoka. Ndiye pamafunika cipinda cozizira, zitini zolembedwa maina, kaundula, ndi munthu wolipidwa kuti azitsegula zitinizo kuona ngati zili bwino. Nchito yosasangalatsa, yopanda womuombera m'manja. Anthu anaigwira zaka makumimakumi.

Mbali ina inacitika ku Britain. Mu Januwale 1982 wailesi ya kanema ya BBC2 inaonetsa filimuyi usiku wina, ndipo amene anaionera sanaiiwale. Anakhala zaka akufunsana kuti kodi filimu ija ya mapasa ndi Hitler inali ciani. Pamene Second Run inafuna kuitulutsa, inali ndi kogogoda: nkhokwe ya ku Prague inali nayo, ndipo anaijambulanso ndi makina atsopano kucokera ku zimene zinasungidwa. Okumbukira analipo, cosungidwa cinalipo, mwini wake wodziwika analipo. Ife timangokhala ndi coyamba cija. Timakumbukira kwambiri, pa maliro ndi pa mowa, koma pofuna kuonetsa mwana zimene tikukumbukirazo manja amakhala lende.

Ndipo zindikirani kuti filimuyi sinali ya ulemu waukulu. Asilikali a Soviet Union ndi anzao atalowa m'dziko lija mu Ogasiti 1968, opanga mafilimu ambiri analetsedwa nchito, ena monga Miloš Forman anakakhala ku America. Zimene boma linali kulola mosavuta zinali nthano za ana ndi zoseketsa. Filimu ya tiyi inabadwa m'nyengo imeneyo, ya kungoseketsa anthu otopa. Koma wosunga nkhokwe sanakhale pansi n'kuyamba kusankha kuti iyi ndi yanzeru, iyi ndi yacibwana. Ngakhale mafilimu amene boma linadana nao anatsekeredwa cabe, sanatenthedwe. Ina ya Jiří Menzel, yopangidwa mu 1969 n'kuletsedwa, inatuluka cikomyunizimu citagwa ndipo inapata mphoto yaikulu ku Berlin mu 1990. Wolamulira amasintha, zokonda za anthu zimasintha. Citini cikakhalapo, mbadwo wina udzaweruza wokha.

Wina anena kuti amenewo ndi Azungu, ali ndi ndalama, ndipo cinenero cao cili ndi msika. Msika uti? Dziko la Czech Republic lili ndi anthu osakwana 11 miliyoni. Zambia pa kalembera wa 2022 inali ndi anthu 19.6 miliyoni. Cinenero cao sicikambidwa ku London, ku Paris kapena ku New York. Ife okamba Cicewa ndi Cinyanja, tikaphatikiza a kuno, a ku Malawi ndi a ku Tete ndi Niassa, siticepa kwa iwo. Ndipo anthu amenewa si alendo kwa ife monga mmene mukuganizira. Nsapato za Bata zimene munapita nazo ku sukulu zinayambira ku tauni yao ya Zlín mu 1894, ndipo kampani imeneyo mu 1936 inatsegula situdiyo ya mafilimu yotsatsira nsapato. Liu lakuti loboti, limene timachula tikaima pa mphambano ku Chipata kapena ku Lusaka kudikira kuti kuyake kobiriwira, linacokera m'sewero la mlembi wao Karel Čapek la mu 1920. Kamtundu kakang'ono, koma zopeka zake zafika mpaka pakamwa pathu. Zathu zafika pati?

Tiyeni tione mbiri yathu, cifukwa kutaya sitinayambe dzulo. Pakati pa 1935 ndi 1937 panali nchito ya atsamunda yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Anapanga mafilimu okwana ngati 35 n'kumawazungulitsa pa lole m'maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Amene atsala ndi atatu cabe, ndipo ali ku Britain. Otsalawo ndi ophunzitsa za njoka za m'mimba, za ulimi ndi za ziweto. Oseketsa ndi a nthano anapita. Kucokera mu 1948 mpaka 1963 kunabwera Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury. Iwo ndi amene anapanga mafilimu oseketsa a mnyamata wochedwa Mulenga, amene anajambulidwa m'dziko lathu lino. Inde, anali mafilimu a atsamunda, ofuna kutiphunzitsa kukhala anthu omvera. Koma nkhope zili mmenemo ndi za agogo athu, misewu ndi yathu, kayendedwe ndi kathu. Wofuna kuona zotsala za bungwe limenelo ayenera kulunjika ku nyumba yosungira zakale ya ku Harare.

Titapata ufulu, kodi tinasintha? Funsani akuluakulu a kwanu za a Julius Chongo ndi pulogalamu yao ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Muona nkhope zao zikuwala. Munthu mmodzi pa maikolofoni, kusintha mawu kukhala nkhalamba, mwana, mfumu, fisi, ndipo mudzi wonse uli zii kuzungulira wailesi imodzi. Ameneyo anali katswiri wa Cinyanja amene sitinakhalenso naye wina. Amene anakhala pansi kumvetsera matepi ao, kulemba mawu ao ndi kuwatulutsa m'buku mu 2004 ndi a Ernst Wendland, mphunzitsi wocokera ku America. Tiwathokoze. Koma buku silisintha mawu, silitsokomola ngati nkhalamba, siliseka. Mwana wa ku Vubwi amene ali ndi foni m'manja lero angathe kupeza nyimbo ya ku Korea m'kamphindi, koma a Chongo sanawamvepo. Tepi imene yatsekeredwa m'kabati ku Lusaka, kumene mwanayo sadzafika, kwa iye ndi yotayika.

Nkhani yowawa kopambana ndi iyi. Ngati pali dziko limene linapatsidwa filimu yoseketsa ya sayansi yophikaphika, ndi Zambia. Mu 1964, caka ca ufulu, a Edward Makuka Nkoloso, mphunzitsi, msilikali wakale wa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse komanso womenyera ufulu, analengeza kuti Zambia idzafika ku mwezi ndi ku Mars patsogolo pa America ndi Soviet Union. Anali kuphunzitsa acinyamata ao powaika mu dilamu n'kuwagubuduza pa citunda. Pa ulendowo panayenera kukhala mtsikana ndi acona. Anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati anali kunena zoona kapena anali kuseka Azungu amene anali kuwaseka. Nkhani yotere Jindřich Polák akanailumphira. Nanga anaitola ndani? Zithunzi zoyenda zimene timagawana pa foni anajambula atolankhani a ku Britain. Buku la zithunzi lochuka la mu 2012 ndi la Cristina de Middel wa ku Spain. Filimu yaifupi ya Afronauts ya mu 2014 ndi ya Nuotama Bodomo wa ku Ghana. Mwana wa kwathu Namwali Serpell anawaika m'buku lake la The Old Drift la mu 2019, limene linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020, koma ndi la Cizungu ndipo linasindikizidwa kunja. M'cinenero cathu a Nkoloso akali nthabwala ya pa Facebook ya pa 24 Okutobala.

Za Zamrock mukuzidziwa. WITCH, Amanaz, Paul Ngozi, Rikki Ililonga: magitala a m'ma 1970 amene makolo athu anavina mpaka nsapato kutha. Mbale zao tinaziponya kuseri kwa nyumba. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndi imene inasonkhanitsa nyimbo za WITCH n'kuzitulutsanso mu 2012. Kenako kunabwera filimu ya mbiri yao mu 2019, yopangidwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy, ndipo a Jagari Chanda anayambanso kuimba m'maiko akunja ali ndi imvi. Pamenepo mpamene acinyamata a ku Lusaka anayamba kuvala masikipa a Zamrock. Tinadikira mlendo kuti atiuze kuti za m'nyumba mwathu n'zokoma. Alendowo sindikuwada, anacita nchito imene ife tinaikana. Koma tisadzinamize: mlendo amatola zimene zakomera khutu lake. Gitala ya rock anaimva cifukwa imafanana ndi za kwao. Nthabwala ya Cicewa ya apongozi ndi mkamwini wa pa cikamwini sadzaimva, ndipo sadzabwera kudzaitola. Ikatayika kwa ife yatayikiratu.

Tsopano tibwere kwathu kuno, lero. Palibe mbadwo umene unajambulapo zinthu zambiri ngati wathu. Ku Katete, ku Sinda, ku Vubwi, anyamata ndi atsikana akupanga timasewero ta mphindi zitatu pa foni: wa kabaza wokangana ndi kasitomala, wogula soya amene sikelo yake imanama, mnyamata wobwera ku tauni ataiwala Cicewa, sing'anga woopa odwala ake. Makwaya akujambula ma vidiyo. Magulu a masewero amaitanidwa pa misonkhano ya zaumoyo ndi ya ulimi. Mawailesi a m'madera amaulutsa masewero, macezo ndi mafumu, nkhalamba zofotokoza mmene zinayendera pansi kupita ku Halale ndi ku Joni. Zonsezi zikukhala kuti? Mu memori khadi ya foni imene idzagwera m'citsime. Mu fulashi yodzala mavairasi. Mu laputopu imodzi imene ikafa, wokonza amangoti tifomate.

Ine ndimathandiza pa wailesi ya m'dera, ndipo zimene zimacitika m'nyumba zotere ndimaziona. Kompyuta ya mu situdiyo ikadzala, munthu amatsegula foda n'kuyamba kufufuta zakale kuti pulogalamu ya madzulo ipeze malo. Zoyamba kupita ndi masewero ndi macezo, cifukwa zilibe wolipira. Zotsatsa malonda zimatsala. Mawu a nkhalamba imene tinaiika m'manda caka catha amafufutidwa ndi cala cimodzi, popanda woipa mtima aliyense, cifukwa cabe palibe amene anapatsidwa nchito yosunga ndipo palibe kosungira. Madzi akatayika saoleka.

Ndikudziwa zimene mukuyankha: zonse zili pa intaneti. Intaneti si nkhokwe, ndi msika wa mwini. Mu 2019 MySpace, imene kale inali bwalo lalikulu la oimba pa dziko lonse, inavomera kuti yataya nyimbo zimene anthu anaikapo kwa zaka 12. Oimba amene analibe kope ina anangopukusa mitu. Akaunti ya Facebook imabedwa, ya TikTok imatsekedwa, nambala ya foni imasintha ndipo pasiwedi imapita nayo. Mwini akaunti akamwalira, ndani ali ndi kiyi? Ndiponso vidiyo imene yadutsa pa WhatsApp kasanu imakhala itafinyidwa mpaka nkhope kusaoneka. Filimu ya tiyi yatuluka yoyera cifukwa anasunga coyambirira, osati kope ya kope ya kope. Za matepi a VHS a maukwati ndi zinamwali amene ali m'masutikesi a amai athu, dziwani kuti kampani yotsiriza kupanga makina oonetsera matepiwo, Funai ya ku Japan, inaleka mu 2016. Caka ciliconse makina otsala akucepa ndipo nkhungu ikudya matepi.

Ena amati anyamata a m'tumashopu toikira nyimbo ndi mafilimu mu memori khadi ndiwo nkhokwe yathu. Pali coonadi pang'ono. Zinthu zambiri zimene zatsala zatsala cifukwa ca iwo, ndipo mafilimu a ku China ndi ku India omasuliridwa m'Cicewa ndi ma DJ a ku Malawi afika m'midzi yonse kudzera m'manja mwao. Koma wa shopu amasunga zimene zikugulidwa sabata ino. Zikaleka kuyenda amafufuta. Salemba caka, salemba maina a osewera, ndipo wopanga sewero salandira ngakhale ngwee imodzi. Apa ndi pamene ife oonera tiyenera kudziyang'ana. Timalipira wa shopu, timalipira mabando, timalipira wochaja foni, koma wotiseketsa timati acite za ulere cifukwa ndi mnzathu wa pa komboni. Lamulo loteteza eni nyimbo ndi masewero lilipo m'dziko lino kuyambira 1994. Cimbale ca Second Run cili ndi mtengo, ndipo cinatuluka mwa cilolezo ca eni filimu. Cinthu cimene cilibe mwini wodziwika ndiponso sicibweretsa ndalama, palibe amene adzacisesera cipinda.

Kutsutsa kwamphamvu ndi kwa amene amati: iwe, anthu akusowa feteleza, zipatala zilibe mankhwala, misewu ya ku Vubwi nthawi ya dzinja ndi matope okhaokha, ndiye ukuti tiononge ndalama pa nthabwala? Funso limeneli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Koma tiyeni tiwerenge. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zakhala zikukwerabe. Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi, dera lililonse limalandira zake. Zimene ndikupempha ndi kompyuta imodzi, ma hadi draivu owerengeka, kabati youma, sola yaing'ono ndi wacinyamata mmodzi wophunzitsidwa, pa boma lililonse. Mtengo wake sufika pa wa cipinda cimodzi ca sukulu. Ndipo alimi amadziwa bwino kuposa tonse kuti ngakhale caka ca njala, mbewu sadya. Amai amapacika zisononkho pamwamba pa moto, ana akulira, cifukwa akudziwa kuti dzinja lidzabwera. A ku Prague anayamba kusunga nkhondo ili pakhomo. Tikati tidikire mavuto athe, tidzapeza cosunga palibe.

Kutsutsa kwina kumacokera kwa akuluakulu: cikhalidwe cathu ndi Gule Wamkulu ndi Kulamba, ndipo zimenezo zimasungidwa ku dambwe ndi m'mitima, osati mu kompyuta. Ndikuvomera ndi ulemu wonse. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala cuma ca anthu onse mu 2005, ndipo caka ciliconse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a m'maiko atatu amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Zili ndi eni ake, ndipo pali zina zimene kamera siyenera kuona. Sindikupempha kuti tijambule za ku dambwe. Koma Gule yemweyo amatiphunzitsa kuti kuseka si cibwana. Ndi zilombo zingati zimene zimabwera pa bwalo kudzanyoza waulesi, wadama, wodzikuza, ngakhale mtsamunda ndi galimoto yake? Makolo athu anaika nzeru zao m'zoseketsa ndipo anapeza njira yozipatsira mbadwo wina. Sewero la pa foni la wogula soya wakuba likucita nchito yomweyo pa nkhani za lero, koma lilibe dambwe lolisunga. Zaka 40 zikubwerazi, wofuna kudziwa mmene tinali kukhalira sadzapeza zambiri m'zokamba za nduna potsegula mjigo. Adzazipeza m'zimene tinali kuseka: mitengo ya zinthu, mavalidwe, Cinyanja ca pa siteshoni, zimene tinali kuopa kunena poyera.

Ndiye ticite ciani? Inu opanga timasewero, lekani kufufuta vidiyo yoyambirira mukangoiika pa TikTok. Sungani makope atatu, pa zipangizo ziwiri zosiyana, ndipo imodzi ikhale ku nyumba ina, kaya kwa acimwene anu ku Chipata. Pa dzina la failo lembani tsiku, malo ndi maina a osewera. Gwirizanani pa pepala kuti sewerolo ndi la yani, lero mukali kukondana, cifukwa tsiku limene lidzabweretse ndalama ubwenzi udzayesedwa.

Inu oyang'anira mawailesi a m'madera, ikani lamulo lakuti pulogalamu ya m'cinenero cathu isafufutidwe isanakopedwe, ndipo sankhani munthu mmodzi wa nchito imeneyo, dzina lake lidziwike. Inu makhansala ndi a makomiti a CDF, pempho la kacipinda kosungira mawu ndi zithunzi likafika pa tebulo panu musaliseke. Inu a ZNBC, a ZANIS ndi a National Archives of Zambia, zimene muli nazo za m'Cinyanja ndi za anthu amene anakhoma msonkho: tulutsani ndandanda yake poyera, ndipo lolani mawailesi a kuno aziulutsenso. Ndipo ife tonse, sewero la kwathu likatiseketsa, titumizeko kandalama pa foni kwa amene analipanga, monga mmene timaponyera ndalama wovina pa bwalo.

Pa 27 Okutobala caka ciliconse ndi tsiku limene UNESCO inapatula lokumbukira kusunga mawu ndi zithunzi zoyenda. Kuno limadutsa ngati tsiku wamba, masiku atatu cabe titavina za ufulu. Caka cino tiliseweretse. Pa holo ya sukulu ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, anthu abweretse makaseti, matepi a VHS, ma DVD okalikakalika ndi mafoni akale. Tilembe zimene zilipo, tikope zimene zingakopeke, eni ake abwerere nazo kwao, ndipo madzulo tionere limodzi pa cinsalu. Mudzadabwa ndi zimene zili pansi pa mabedi.

Tikapanda kutero, zocitika n'zodziwika kale, cifukwa taziona ndi a Chongo, ndi a Nkoloso ndi a Jagari. Mdzukulu wanu adzapeza filimu ya mapasa a ku Prague mosavuta, yoyera ngati yajambulidwa dzulo, ndipo adzaseka. Akadzakufunsani kuti agogo, nanga inu munali kuseka ciani, mudzayamba kufotokoza ndi manja za mnyamata wina wa ku Sinda amene anali woseketsa koopsa, dzina mwaliiwala, vidiyo inali mu foni ija inabedwa.